Mutu 6: Nkhanga ya Mbale Zoboola

1. Lamulo la m'chisakasa

Kuseri kwa nyumba ya a Saulos, m'mudzi wina wa m'mapiri a kwa Kanduku, kunali chisakasa cha malata akutha. Anthu odutsa ankachitcha dzala. Eni ake ankachitcha ofesi.

M'menemo munali zinthu zimene anthu anataya: masipoko a njinga, matcheni oduka, makasu akutha, zitini za mafuta ndi masupuni opindika. Pakati panali chitsa, ndipo pachitsapo anakhomerapo chidutswa cha njanji chosulirapo. Magetsi kunalibe. Zida zinali hamala ziwiri, tchizulo, tupa, sizasi ya malata ndi msomali waukulu woboolera. Ndi zimenezi a Saulos ankasandutsa zinyalala kukhala mbalame, abuluzi ndi azimayi osenza mitsuko.

Anthu a m'mudzimo sankagula. Ankangoima, kuseka, n'kufunsa ngati mbalamezo zimaikira mazira. Umu ndi momwe anthu alili. Chinthu chimakoma chikachokera kutali. Ogula anali apaulendo a pamsewu waukulu wopita kuboda.

Tiyese anali mwana wa mlongo wawo wa a Saulos, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu anasiyira Fomu 2, chaka chimene bambo ake anapita ku Joni osabweranso. Mayi ake anali atamupezera kale malo kwa mayi wina ku Blantyre, okalera ana ndi kuchapa zovala. Chimene chinamuletsa kupita chinali chimodzi chokha. Amalume ake anati, "Msiyeni mwanayu. Ali ndi dzanja."

Mayi ake anavomera monyinyirika. "Chabwino, achimwene. Koma tsiku limene mudzamutulutse m'chisakasamo, akukwera basi ya ku Blantyre."

Choncho chisakasa chija ndicho chinaima pakati pa Tiyese ndi matewera a ana a eni. Iye ankadziwa, ndipo aliyense pakhomopo ankadziwa.

Tsiku loyamba limene anagwira hamala, a Saulos anamukhazika pachitini n'kumuuza lamulo lawo.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Chitsulo sichimera ngati bowa. Chilichonse ukuchiona muno chinali ndi mwini wake. Khasu ili linali la a Yakobe, anandipatsa okha litatha. Tcheni ichi ndinachitola pamsewu, ndipo ndinachikoleka pamtengo sabata yathunthu kuti mwina mwini abwera. Munthu akafika ndi thumba, usayambe n'kuyang'ana chitsulo. Yamba wayang'ana maso ake. Umufunse mafunso atatu: chachokera kuti, chinali cha yani, mwini wake akudziwa? Akayamba kuseka, m'bwezere thumba lake. Akalumbira, m'bwezere msanga. Anthu a masiku ano amazula mjigo umene akumwapo okha, n'kukagulitsa, madzulo n'kumadandaula ludzu. Usakhulupirire munthu, ngakhale amene umapemphera naye. Tsiku limene udzalowetse muno chitsulo chosafunsa, udzasiya hamala yanga pachitsa, ndipo sudzaigwiranso."

Tiyese anati, "Ndamva, amalume."

Ana onse amatero.

2. Thumba la Matthew

Mwezi wa Juni unafika ndi chisanu chake, manachesi atafiira m'mitengo. A Saulos anapita kuchipatala ku boma kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo anati akhala sabata kwa mnzawo wina kumeneko. Chisakasa anamusiyira Tiyese.

Kwa mwezi wathunthu Tiyese anali akuvutika ndi chinthu chimodzi. Ankafuna kupanga nkhanga. Thupi la nkhanga ndi lozungulira, ndipo njira yake ndi kutenga mbale ziwiri, kuzivundikiza pamodzi, n'kulowetsa bawuti pakati. Anayesa ndi malata, koma chinatuluka chinali ngati nkhuku yachitopa. Anayesa ndi mbale yachitsulo yakale, ya utoto woyera wolimba uja, koma atamenya msomali utoto unasweka n'kusendeka mbali yonse.

Lachiwiri m'mawa panamveka belu la njinga. Anali Matthew, bambo wootcha makala wa kwa Nthache, amene ankadutsa pamenepo popita kumsika.

"Odi kwa amisiri! Madala alipo?"

"Apita ku boma. Makala sitifuna, a Matthew, nkhuni tili nazo."

"Makala ndi a anthu a m'tauni. Iwe ndakutengera zako."

Anamasula kathumba kamene kanali pamwamba pa makala n'kukhuthulira pansi. Zinali mbale zisanu ndi zitatu, zachitsulo, zoyera, za mlomo wabuluu. Zisanu ndi imodzi zinali zazikulu. Ziwiri zinali zazing'ono, ndipo imodzi mwa zazing'onozo inali ndi duwa lofiira mkati. Kunsi kwake utoto unali utathothoka mwa apo ndi apo, n'kusiya madontho akuda.

Tiyese anagwada. Madonthowo anali mawanga a nkhanga enieni. Ndipo mbale iliyonse inali ndi bowo pakati penipeni, laling'ono, lokwana bawuti.

"Zoboola kale!" anatero.

"Waona? Ine ndimakudziwa zosowa zako."

"Mwazitenga kuti?"

Matthew anaseka mpaka kuonetsa usinini. "Kutchire, mwanawe. Zotayidwa. Ndani angadyere mbale yodontha?"

Limenelo linali funso loyamba, ndipo munthuyo anaseka. Mafunso awiri otsalawo Tiyese anawameza. Matthew anangopempha kuti amukonzere kaliyala ya njinga imene inali itathyoka mwendo. Tiyese anaimanga ndi waya, ndipo munthuyo anapalasa njinga yake osacheuka.

3. Kamphindi kachisangalalo

Masiku atatu Tiyese sanatuluke m'chisakasa. Mbale anazitsuka ndi phulusa. Makosi anapanga ndi zidutswa za chiwongolero cha njinga, mitu ndi masupuni opindidwa, miyendo ndi masipoko opota atatuatatu. Kanyanga ka pamutu anadula ku makiyi akale. Tinthu tofiira ta m'masaya anasema ku chitini cha matimati. Mabawuti analowa m'mabowo aja osavuta, ngati kuti woboola anayeza dala.

Zinatuluka nkhanga zinayi, zitatu zazikulu ndi kamodzi kakang'ono. Kakang'onoko kanali ka mbale zazing'ono zija, ndipo duwa lofiira linabisika m'mimba mwake. Kanaposa zonse. Kanapendeketsa mutu ngati kamva phazi la mlenje.

Lachinayi masana anafika Malcolm pa njinga yamoto. Ameneyu ankathandiza madalaivala a mathiraki kuyendetsa mapepala kuboda, ndipo nthawi zina ankatenga ntchito za a Saulos kukaonetsa apaulendo. Nsapato zake zinali zosongoka, zosayenera fumbi la kwa Kanduku.

"Eee, sisi! Izi wapanga ndiwe? Madala aja atha ntchito basi."

"Musatero. Anandiphunzitsa ndi iwo."

Malcolm ananyamula kankhanga kaja, kukatembenuza, n'kukajambula ndi foni.

"Tamvera. Pali mayi wina ali ndi shopu ya zosemasema ku Blantyre, ndimamuthandiza katundu wake akamadutsa. Akufuna mtsikana woti amuphunzitse kuwotcherera ndi magetsi. Akangoona aka, basi walowa. Dzina lako lizilembedwa pansi pa chilichonse wapanga. Ukufuna kukalamba ukumenya msomali m'chisakasa?"

"Ndiyambe ndawafunsa amalume."

"Afunse. Ine ndibwera Loweruka m'mawa. Koma mwayi sugona pakhomo kawiri."

Madzulo ake Tiyese anatenga kankhanga kaja kupita nako kwawo. Anakakulunga m'chitenje n'kukaika kuseri kwa matumba a chimanga, kuti kasachite fumbi Loweruka lisanafike.

4. Chala cha a Saulos

A Saulos anabwera Lachisanu masana, diso limodzi litamatidwa ndi bandeji, linalo likuona mwa chimbuuzi. Sanalowe m'nyumba. Analunjika kuchisakasa.

Tiyese anawapatsa nkhanga imodzi m'manja. Anaisisita kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndipo pakamwa pawo panayamba kumasuka. Anthu amene ankawadziwa a Saulos akanakuuzani kuti kumeneko kunali kumwetulira.

"Khosi lili bwino. Miyendo yalimba. Koma waboola bwanji utoto osasweka?"

"Zinabwera zoboola kale, amalume. Zonse."

Dzanja la a Saulos linaima.

"Masula bawuti."

Tiyese anamasula. A Saulos anapisa chala pabowo, mkati ndi kunja. Kenaka anaika mbaleyo pansi ndi manja awiri, pang'onopang'ono, monga momwe munthu amagonekera khanda.

"Wabweretsa ndani?"

"A Matthew amakala."

"Unafunsa mafunso angati?"

"Limodzi."

"Anayankha bwanji?"

"Anaseka."

"Khala pansi. Ndipatse chala chako. Gwira apa. Wamva? Mlomo wa bowoli wapindikira kunja. Ndiye kuti woboola anaika msomali mkati, pamene pamakhala chakudya, n'kumenya kamodzi. Si dzimbiri ili. Si ngozi. Ndi dzanja la munthu amene ankalira.

"Inu ana obadwa dzulo simudziwa, chifukwa maliro mumaonera patali, maso ali pafoni. Kwathu kuno, makamaka kwa ife osauka, munthu akamwalira timatenga mbale imene ankadyera, n'kuiboola pakati, n'kuiika pamtumbira pake. Olemera amamanga ndi simenti, amalemba dzina ndi vesi. Wosauka dzina lake ndi mbale. Timaboola kuti wamoyo asadyeremonso, ndiponso kuti wakuba akaiona adziwe kuti ilibe ntchito. Kale bowo linali lokwanira kubweza dzanja la munthu. Lero bowo lomwelo ndi limene lakukopa iwe.

"Usandiyang'ane choncho. Ine ndimapita kutchalitchi. Sindikunena kuti m'mbalemu muli mzimu woti ukugwira pakhosi. Akufa ndaika ambiri, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa kanthu. Oopsa ndi amoyo. Mbale iliyonse apa ili ndi munthu amene amaidziwa monga iwe umadziwira nkhope ya mayi ako. Matthew watha mitengo ya m'phiri, tsopano walowa m'nkhalango ya kumanda, pakuti ndi kokha kumene kwatsala mitengo. Munthu wodula mtengo wa kumanda angaope mbale? Mawa adzazula mitanda. Mkuja adzafukula misomali ya mabokosi. Ndipo nthawi zonse adzapeza mmisiri wopusa womulandira. Safunsa anadya phula, koma iwe wadya choposa phula."

Tiyese anabweza chala chake. A Saulos anapuma, n'kupukuta diso lawo labwino.

"Lamulo langa waliswa. Koma unaswa usakudziwa, ndipo ine ndakalamba, ndilibe wina womusiyira njanji iyi. Ndikupatsa mpata umodzi. Umasule zonse. Ine mawa ndipita kwa adzukulu, amene amakumba ndi kusamala manda, ndikawauze ndekha asanamve kwa ena. Mbale zonse zikabwerera kwa eni ake, hamala ndi yako. Ikasowa ngakhale imodzi, usadzapondenso muno. Diso langa silikuona bwino. Nkhangazi zilipo zingati?"

Tiyese anayang'ana pansi. Nkhanga zitatu zinali m'chisakasamo. Kachinayi kanali kuseri kwa matumba a chimanga.

"Zitatu, amalume."

"Ndiye mbale zisanu ndi imodzi. Yamba kumasula."

5. Loweruka ndi Lolemba

Loweruka m'mawa a Saulos anatenga ndodo yawo n'kulowera njira ya kwa Nthache. Posakhalitsa njinga yamoto inalira. Tiyese anakumana ndi Malcolm pa mtengo wa manachesi, kutali pang'ono ndi nyumba, chitenje chili m'khwapa.

"Wabweretsa? Shapu. Madala avomera?"

"A Malcolm, mbalezi akuti n'za kumanda."

Malcolm anaseka mpaka kugwira pamimba. "Ndiye? Akufa sadya, sisi. Mwina n'kukoma kwake komweko. Anthu akunja amakonda chinthu chokhala ndi nkhani."

"Amalume akuti zonse zibwerere."

"Iwo akudziwa kuti aka kalipo?"

"Ayi."

"Nanga vuto lili pati? Mbale ziwiri zokha, zazing'ono ngati za mphaka. Ndani angaziwerenge? Iwe ganiza za moyo wako. Madalawo akadzamwalira udzadya njanji?"

Tiyese anagwira chitenjecho kanthawi. Kenaka anachipereka. Malcolm anachiponya m'chikwama ngati mtolo wa bonongwe, ndipo fumbi la njinga yake linatsala likumutsokomoletsa.

Lolemba dzuwa litakwera, pakhomo pa a Saulos panafika anthu. Patsogolo panali mkulu wa adzukulu, pambuyo pake amuna awiri ndi amayi anayi. Palibe anamwetulira. A Saulos anayala mphasa, ndipo Tiyese anandandalika mbale zisanu ndi imodzi.

Eni ake anazizindikira msanga. Wina anati, "Iyi ndi ya bambo anga." Wina anatola yake n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje. Mphasa inatsala yopanda kanthu.

Koma mayi mmodzi anatsala chigwadire. Anali mayi Fyness, wamasiye wochepa thupi, amene ankakhalira maganyu m'minda ya anthu. Anayang'ana pamphasa, n'kutukula ngodya yake kuyang'ana pansi.

"Za Deliwe zili kuti?"

"Zonse ndi zomwezi, mayi," anatero a Saulos. "Mwina Matthew anapereka zina kwina."

Mkulu wa adzukulu anapukusa mutu. "Matthew tamupanikiza dzulo, ndipo wavomera. Akuti zinali zisanu ndi zitatu, ndipo zonse anasiya pano."

Mayi Fyness anatembenukira kwa Tiyese. Sanakweze mawu.

"Mwanawe, mwina unaziona. Ziwiri, zazing'ono. Imodzi ya nsima, ina ya ndiwo. Ya ndiwoyo ili ndi duwa lofiira mkati. Deliwe wanga sankadya ngati duwalo laphimbika. Ankayamba wakankhira ndiwo pambali kuti alione. Anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, malungo a masiku atatu. Chithunzi chake ndilibe. Zovala ndinapatsa ana a mng'ono wanga, zinatha kalekale. Tsiku la maliro adzukulu anafuna kuboola, ine ndinakana, ndinati ndiboola ndekha. Msomali unalowa paduwa penipeni. Chaka chilichonse tikamakalambula kumanda, ndimazitsuka n'kuzibwezera. Ndi zokhazo zimene zimanena kuti pamenepo pagona munthu. Sindikukutukwana. Ungondiuza pamene zili."

Anthu onse anatembenukira kwa Tiyese.

"Ndinapanga kankhanga," anatero Tiyese. "Ndinawapatsa a Malcolm akuboda."

"Liti?" anafunsa a Saulos.

"Loweruka."

"Ine ndinabwera Lachisanu."

"Inde, amalume."

"Ndiye unali utamva kale."

A Saulos anadzuka, kulowa m'chisakasa, n'kutuluka ndi hamala yaing'ono imene Tiyese ankagwiritsa ntchito. Anaigulula mpini pamaso pa anthu onse. Mutu anauika m'thumba la jekete, mpini anauponya pa mulu wa nkhuni.

"Mayi Fyness, ndilibe mawu. Ine ndinkaopa akuba a kunja, osadziwa kuti ndikusula wanga ndekha. Iwe Tiyese, tamvera, pakuti aka n'komaliza. Kulakwa kwa Lachiwiri kunali kwa mwana, ndipo ndinakukhululukira. Kwa Loweruka n'kwa munthu wamkulu. Unaona diso langa lili ndi bandeji, n'kuwerengera kuti nkhalambayi siona. Dzanja uli nalo, sindikana. Koma dzanja ngakhale nyani ali nalo. Zaka makumi atatu anthu akhala akundiseka m'mudzi muno, koma palibe ananditchapo wakuba. Kuyambira lero adzati kwa Saulos n'kumene amasula mbale za akufa, ndipo palibe adzandipatsenso ngakhale chitini. Chisakasachi ndikutseka. Ngati mbale za mwanayo zidzabwerere pamtumbira pake, udzabwere tidzalankhule. Koma ine ndakhala pafupi ndi msewu uwu moyo wanga wonse. Chimene chawoloka boda sichibwerera. Funsa mayi ako za bambo ako."

Anamanga chitseko cha chisakasa ndi waya, kupota kasanu. Anthu ananyamuka ndi mbale zawo. Mayi Fyness anapita pambuyo pa onse, manja ali kumsana, opanda chonyamula.

Madzulo mayi ake a Tiyese anatsitsa chikwama chimene chinali pamtanda wa denga n'kuchikung'untha fumbi.

"Basi ya ku Blantyre ndi Lachitatu," anatero.

6. Kuboda

Lachiwiri Tiyese analawira osamwa ngakhale madzi. Anatsika mapiri wapansi, ndipo anafika kuboda dzuwa lili pamutu.

Mathiraki anali atandanda mtunda wautali. Osintha ndalama ankakupiza mitolo yawo, amayi ankakweza mabeseni a manachesi kumawindo a madalaivala. Malcolm anamupeza pakhonde la kagolosale, akudya chipisi.

"Aa, sisi wa nkhanga! Wabwera kudzatani?"

"Ndabwera kudzatenga kanthu kaja. Mwini wa mbale wapezeka. Ndi mayi woferedwa mwana."

"Pepa. Kanapita."

"Ndipatseni nambala ya mayi washopu uja. Ndikawapempha ndekha."

Malcolm ananyambita mchere kuchala. "Mayi uja anasintha maganizo."

"Anakaona?"

"Iwe, usandifunse ngati wapolisi. Loweruka lomwelo panali dalaivala wina amene ndinkafuna kuti azindipatsa ine mapepala ake, osati anyamata enawa. Anakakonda, ndinamupatsa. Anakaika kutsogolo pafupi ndi galasi. Kakuona dziko panopa, kuposa iwe ndi ine."

"Shopuyo iliko?"

"Mashopu ku Blantyre ndi ambiri."

"Dalaivalayo dzina lake ndani? Amapita kuti?"

"Timangomutcha Amigo. Analowera ku Tete. Mwina Harare, mwina Beira, ndani akudziwa? Thiraki yoyera."

Tiyese anayang'ana mzere uja. Mathiraki oyera anali osawerengeka.

"A Malcolm, amalume anditulutsa. Mawa akunditumiza kukagwira ntchito ya m'nyumba."

"Ndiye Blantyre yomweyo waipeza, sichoncho?" Anyamata amene anali pakhondepo anaseka. Malcolm anapukuta manja, foni yake inalira, ndipo anachoka akulankhula ndi munthu wina.

Tiyese anakhala pamwala m'mbali mwa msewu. Mayi wina wogulitsa manachesi, amene anamva zonse, anamupatsa limodzi.

"Idya, mwanangu, ubwerere kwanu dzuwa likadalipo. Ine ndakhala pano zaka khumi ndi ziwiri. Ndaona atsikana ambiri atakhala pamwala umenewo, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Wina akusaka bambo ake, wina akusaka ntchito. Msewu uwu umameza. Amene amabwerako amabwera atanyamula zimene sanapite kukasaka. Chimene wataya, chitaye. Usadzitaye ndi iwe wemwe."

Tiyese anagwira nachesi lija osalisenda. Kumudzi kunali chisakasa chomangidwa ndi waya, chikwama chokung'unthidwa kale, ndi mtumbira waung'ono wopanda mbale.

Pafupi naye thiraki yofiira inaliza injini. Chitseko chinatseguka, ndipo dalaivala wa ndevu zaimvi anasuzumira pansi.

"Menina! Iwe mtsikana! Ndamva ukufunsa za kambalame ka mbale. Ndakaona ine. Mwini wake ndimamudziwa, amagona pamalo oimika mathiraki ku Tete mpaka Lachinayi."

Tiyese anaimirira. "Mukunena zoona?"

Munthuyo anaseka. "Ndikulumbira pali Mulungu. Za mapepala usadandaule, ine ndimadziwa njira. Kwera."

Anaseka, ndipo analumbira. Tiyese anazimva zonse ziwiri.

"Mwanangu!" anaitana mayi wa manachesi uja.

Thiraki ya kutsogolo inasuntha, ndipo ya kumbuyo inayamba kuliza hutala. Tiyese anaika nachesi lija pamwala, n'kuponda chitsulo choyamba chokwerera.